Kaseti yolembedwa dzina langa

Anzanga ambiri a msinkhu wanga alibe chimbale choyamba. Ukawafunsa kuti chimbale choyamba kukhala chawochawo chinali chiti, amayang'ana kudenga kaye, kenako amatchula nyimbo imodzi, osati chimbale. Sindiwadabwa. Ife obadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 makutu athu anatseguka nthawi yomwe kaseti inkatsanzika, CD isanakhale n'komwe pansi, memory card ikuodira kale pakhomo. Ambiri chinthu choyamba kukhala nacho inali foda yolembedwa "Local" m'kafoni ka malaini awiri, momwe munali Lucius Banda, Skeffa Chimoto, kwaya ya amayi a Mvano, P-Square ndi Celine Dion, zonse mumphika umodzi, malinga ndi mmene mnyamata wobena nyimbo pamsika anadzukira tsiku limenelo.

Ine changa ndimachidziwa. Kuimba 2 ya Evison Matafale, pa kaseti. Chinali chaka cha 2007, ndili ndi zaka 10, Sitandade 5. Sindinagule ndine, ndalama ya kaseti ndikanaitenga kuti? Anandisiyira achimwene anga popita ku Joni.

Tinkakhala ku Chigwirizano, kapena kuti pa Chigwiri, mmene amakuwira makondakitala mu depoti. Kwa amene simunafikeko, ndi chakufupi ndi Likuni, ukadutsa Chinsapo pochokera m'tauni. Masiku ano kwadzaza mipanda ya njerwa, koma nthawi imeneyo ukangochoka pamsika pang'ono unkayamba kuponda m'minda ya chimanga. Nyumba yathu inali ya lendi, zipinda ziwiri ndi pabalaza, yopanda magetsi. Bambo anali atatisiya ine ndili wamng'ono. Zooneka ndi maso zimene anasiya zinali njinga, sutikesi yachitsulo, ndi wailesi ya kaseti yakuda ya mabatire akuluakulu 6, yomwe amayi ankaifunditsa kansalu koluka ngati khanda.

Achimwene amandiposa ndi zaka 11. Atalemba Fomu 4 ntchito inasowa, ndiye anayamba geni ya makaseti m'tauni, chakufupi ndi depoti ya mabasi. Ankawayala pakatebulo ka matabwa, kawailesi kali pambali kukokera anthu. Madzulo ankafika ndi katoni paphewa, fumbi mpaka m'nsidze, kausipa kali m'jumbo ngati tsiku layenda bwino. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kusiyanitsa kaseti ya orijino ndi ya feki. Ya orijino inkakhala ndi kasitika ka COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo chikuto chake chinali chosindikizidwa bwino, nkhope ya woimba ikuoneka kuti ndi ya munthu. Ya feki chikuto chinali cha fotokope, woimba ali bii ngati anamujambulira m'khitchini ya utsi. Makaseti ambiri a oimba akuno ankadzera kwa O.G. Issa ku Limbe. Dzina limeneli linkatchulidwa kawirikawiri kunyumba kwathu moti ine ndinkayesa ndi wachibale wathu wa ku Blantyre amene sabwera kudzationa.

Mu 2006 boma linalamula kuti mavenda achoke m'misewu ya m'mizinda. Achimwene anayesa kupitiriza geni kumalo kumene anawalozera, koma kaseti si tomato. Tomato munthu amachita kumulondola kumsika. Kaseti imagulidwa ndi munthu amene amangodutsa akupita kwina, nyimbo n'kumukola mwendo. Komanso ma CD obena anali atayamba kuchuluka. Pofika pakati pa 2007 anali atagulitsa katundu yense motchipa, n'kuonjezerapo njinga ya bambo, kuti apeze ya pasipoti ndi ya basi.

Usiku woti mawa anyamuka anagawa zinthu zawo. Kunali ngati kugawa chuma cha masiye mwini wake ali pompo akuyang'ana. Nsapato za mpira anapatsa msuweni wathu, jekete anapatsa mnzawo wa geni. Ine ndinangokhala pakona, nditawerengera kale kuti palibe chondikwana. Kenako anatulutsa kaseti m'thumba la malaya.

"Iwe mphwanga, tabwera kuno."

Anatenga cholembera chofiira n'kulemba dzina langa lonse mkati mwa chikuto, zilembo zikuluzikulu. Ataona kuti sizikukwana, anatenga msomali n'kukanda zilembo zoyamba za dzinalo papulasitiki ya kaseti yeniyeniyo.

"Iyi siyobwereketsa, wamva? Wina akaifuna abwere adzamvere pompano, iwe uli pomwepo."

"Nanga inuyo muzikamvera chiyani, achimwene?"

"Ine ili m'mutu."

Pa makaseti onse aja anadutsa m'manja mwawo, iyi yokha ndi imene sinaikidwepo patebulo. Anaigula okha mu 2001, akadali pasukulu, ndi ndalama ya ganyu yosenza njerwa.

Kukhala ndi kaseti ndi nkhani ina, kuimvera ndi nkhani inanso. Wailesi inali ya amayi, mabatire anali a amayi, ndipo amayi, amene ndi a Chigwirizano cha amayi ku CCAP (inde, a Chigwirizano okhala ku Chigwirizano, anthu anaiseka kale imeneyo), analibe nazo ntchito nyimbo za "anthu osapesa". Mabatire kwathu anali a nkhani za madzulo, mauthenga achisoni pa MBC, ndi mapemphero a Lamulungu m'mawa, basi. Ndipo mfundo yawo inali yomveka. Kaseti imadya mabatire kuposa wailesi wamba, chifukwa mkatimo muli kamota kamene kamayenera kukoka tepi nthawi yonse. Mabatire oti akanatifikitsa kumapeto kwa mwezi, kaseti inkawamaliza m'masiku ochepa.

Ndiye ndinapeza njira zanga. Ndinkatola mabatire otha amene amayi ataya, kuwayanika padenga la malata dzuwa lonse, madzulo n'kuwalowetsa mu wailesi amayi akadali kumsika kogulitsa mandasi. Ankapereka mwina nyimbo zitatu. Ikafika yachinayi mawu a Matafale ankayamba kulemera, kukokeka, ng'oma zikuyenda ngati ng'ombe yotopa pangolo, mpaka zii. Kubweza tepi ndi batani kunali kuononga chuma. Unkalowetsa cholembera cha Bic pakabowo n'kumaipukusa kasetiyo m'mwamba mpaka dzanja kuwawa. Cholembera chija chili ndi mbali 6 ndipo chimagwira mano a kabowoko ndendende, ngati anachipangira zomwezo.

Ndinadzawerenga ndili ku koleji kuti kaseti inapangidwa ndi kampani ya Philips mu 1963, ndipo tepi yake imayenda masentimita 4.76 pa sekondi. Ndinaseka ndekha mu laibulale. Yanga inayenda liwiro limenelo kangapo kokha pa moyo wake wonse. Mpaka lero pali nyimbo za m'chimbale chimenechi zomwe ndikazimva pafoni ndimaona ngati oimbawo akuthamangira minibasi, chifukwa ine ndinazizolowera zikuyenda mwaulesi, mawu ali pansi.

China chimene kusowa kwa mabatire kunandichita ndi ichi: sunkadumpha nyimbo. Kudumpha kunali kuotcha batire pachabe, komanso sunkadziwa kuti ukaima pati. Unkayamba mbali A, kumvera zonse, kutembenuza, kumvera mbali B. Nyimbo yomwe sinakusangalatse ulendo woyamba unkakumana nayo mawa, ndi mkuja, ngati neba amene simugwirizana koma mumatunga pamjigo umodzi. Pakutha pa mwezi mwayamba kupatsana moni. Pakutha pa chaka ndi imene ukuiimba posamba. Lero nyimbo ndimaipatsa masekondi 10, ikapanda kundigwira chala chadutsa kale. Sindikunena kuti kale zinali bwino, ayi. Umphawi siwosiririka, ndipo ambiri amene amautamanda anangoumva pawailesi. Ndikungoti pali nyimbo zina zimene zimafuna mwezi wathunthu kuti uzimve, ndipo zoterozo masiku ano zimapitikitsidwa zisanapatsidwe mpando.

Za mwini mawuwo ndinkadziwa zochepa. Amene anandiuza ndi rasta wina wosoka nsapato pamsika wa Chigwiri, komwe ndinkapititsa masilipasi a amayi akaduka. Tsiku lina anandimva ndikung'ung'udza nyimbo ndikudikira, anaika singano pansi.

"Mfana, imeneyo waimva kuti?"

"Ndili ndi kaseti yake."

"Yako?"

"Yanga. Pali dzina langa."

Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti ndili ndi galimoto. Kuyambira tsiku limenelo ankanditchula kuti "mani wa Kuimba 2", ndipo silipasi nthawi zina ankasoka ulere.

Iyeyo ndi amene anandiuza kuti munthu amene ndinkamumvera tsiku ndi tsiku anamwalira ine ndili ndi zaka 4. Zina ndinadzawerenga nditakula. Matafale anali wa ku Chileka, m'mudzi mwa Singano, mudzi womwewo umene unatulutsa Daniel Kachamba. Kaya madzi a kumeneko ali ndi chiyani. Anatulutsa zimbale ziwiri zokha, Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Mu November 2001 anamangidwa chifukwa cha makalata amene analemba odzudzula boma la Bakili Muluzi, ndipo pa 27 November anamwalira ali m'manja mwa apolisi, konkuno ku Lilongwe, ali ndi zaka 32. Akuluakulu a boma anati chinamupha ndi chibayo. Anthu ambiri sanakhulupirire, ndipo rasta uja akafika pamenepa ankalavula pansi kaye asanapitirize. Abale ake a Matafale, ana a Robert Fumulani, anapitiriza gulu la Black Missionaries, n'kupitirizanso kuwerenga: Kuimba 3, Kuimba 4, mpaka kudutsa 10, ngati kuti munthu wangotuluka pang'ono ndipo akamabwera apeze ntchito ikuyenda. Chaka chomwe ndinalandira kasetiyo, Musamude Fumulani, amene ankatsogolera gululo, nayenso anatisiya.

Ndiye taganizani: mawu a munthu womwalira, akutuluka mu wailesi ya bambo anga omwalira, pa kaseti ya munthu amene wapita kutali. Nthawi imeneyo sindinkaziona motero. Ndinkangodziwa kuti ndikaiika, m'nyumba munkakhala ngati muli anthu ambiri. Zambiri zimene ankaimba zinkandidutsa, makamaka za Chingerezi ndi zija za m'Baibulo. Koma mawu ake anali ndi kenakake, ngati munthu amene akukuchenjeza koma osakukalipira.

Achimwene ankaimba foni kawiri pamwezi, Lamulungu madzulo, pa ka Nokia ka aneba ka laini ya Celtel. Ankathandiza amisiri omanga nyumba, ndipo ankakhala m'kachisakasa ka malata ndi anyamata ena atatu, awiri a ku Mangochi, mmodzi wa ku Mzimba. Ndalama ankapatsira anthu obwera kumudzi, nthawi zina pamodzi ndi sopo ndi mafuta ophikira. Ulendo wina zinafika nsapato zanga za kusukulu zazikulu manambala awiri, ndi uthenga woti ndikuliramo.

Pa 11 May 2008 ku Alexandra, mumzinda wa Johannesburg, anthu anayamba kusaka alendo. M'masiku ochepa motowo unafalikira m'makomboni ena, mpaka kukafika ku Durban ndi Cape Town. Pamene zinkatha, anthu 62 anali ataphedwa, ndipo zikwizikwi anali atathawa m'nyumba zawo. Ife manambala amenewo sitinkawadziwa. Tinkangodziwa kuti foni ya achimwene sikupezeka. Amayi ankagula mayunitsi, kupita kwa aneba, kuimba, kumva mzimayi wa m'makina akulankhula Chingerezi chake, kubwerera. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachisanu. Anasiya kukazinga mandasi. Anagula mabatire atsopano 6 nthawi imodzi, chinthu chomwe sankachita pakati pa mwezi, ndipo wailesi inkangokhala pa nkhani, kuchoka MBC kupita Zodiak, kubwereranso. Azimayi a kutchalitchi anabwera kudzapemphera. Pa Chigwiri makomo ambiri anali ndi wawo ku Joni, ndiye pamjigo, pachigayo, m'minibasi, funso linali limodzi: wanu waimba?

Usiku wina, patatha sabata, nkhani zitatha amayi sanazimitse wailesi. Anakhala pamphasa, koloboyi ikuyaka mophethira. Kenako anati, osandiyang'ana:

"Taika kaseti ya achimwene ako ija."

Ndinayesa sindinamve bwino.

"Ya arasta ija, amayi?"

"Pali inanso?"

Ndinaiika. Mabatire anali akadali ndi mphamvu, ndiye mabesi ankagunda mpaka kansalu koluka kaja kunjenjemera. Amayi anamvera mbali A yonse osayankhula. Itatha anati, "Munthuyu Baibulo ankalidziwa." Kenako: "Tembenuza."

Tili pakati pa mbali B, mawu anayamba kumveka ngati munthu akuimbira m'madzi. Aliyense amene anakhalapo ndi kaseti amawadziwa mawu amenewo, ndipo amadziwa mmene m'mimba mumatenthera. Ndinalumpha kukadina batani, koma wailesi inali itadya kale. Nditatsegula kachitseko, tepi inatuluka ngati matumbo a nkhuku, ina itakulungika pakagudumu ka labala, itafinyika. Poikoka pang'onopang'ono, inaduka.

Amayi sananene kanthu. Anangoyang'ana tepi ili lende m'manja mwanga, n'kudzuka kukalowa kuchipinda. Ndinawamva akupemphera motsitsa mawu mpaka tulo tinandiba. Kwathu kuno, chinthu cha munthu amene ali paulendo chikaduka chokha usiku, pa nthawi ngati imeneyo, sipafunika wokuuza zimene anthu aganize. Mawu oti malodza palibe anawatchula. Anangogona nafe m'nyumbamo.

M'mawa, ndisanapite kusukulu, ndinathamangira kwa rasta uja. Anaiyang'ana, anapukusa mutu, n'kutulutsa ka screwdriver kakang'ono m'chitini. Anatsegula kasetiyo pachikopa chimene ankayala pamiyendo, anadula ndi lezala ponse pamene panafinyika, kutalika ngati kuchokera pachigongono panga kufika kunsonga ya chala, n'kulumikiza mbali ziwirizo ndi kadontho ka Cutex kamene anapempha kwa mayi wa saluni woyandikana naye. Anauzira, anadikira kuti paume, anaitseka, anaizungulitsa ndi cholembera.

"Ipita," anatero. "Koma pamenepa azidumpha."

Ndalama anakana.

Achimwene anaimba patapita masiku awiri, pa nambala yachilendo. Mwana wa aneba anabwera akuthamanga, foni ili m'mwamba ngati wagwira mbewa. Anali moyo. Anathawa usiku ndi zovala za m'thupi zokha. Foni, bulangeti ndi ndalama zonse zinatsala m'kachisakasa kaja, ndipo kanaotchedwa. Ankagona pabwalo la polisi limodzi ndi anthu a ku Mozambique, Zimbabwe ndi Somalia. Boma lathu linali litakonza mabasi okatenga amene akufuna kubwerera, ndipo amayi anakuwa pafoni kuti akwere, abwere, umphawi wa kuno suotcha munthu ndi moto. Ine ndinali pafupi, yankho ndinalimva.

"Ndibwere ndi chiyani, amayi? Jumbo?"

Sanakwere. Amayi atandipatsa foni kuti ndipereke moni, mayunitsi a mwini foni wa kumeneko anali akutha, ndiye achimwene anangofunsa zinthu ziwiri: sukulu, ndi kaseti. Ndinati zonse zili bwino.

Kuyambira pamenepo amayi sanatchulenso za anthu osapesa. Sikuti anayamba kuikonda, tisanamizane. Wawo anali Grace Chinga. Koma Loweruka lina ankatha kunena okha kuti, "Mabatirewa atsala pang'ono kutha, ingomalizira ndi kaseti yakoyo."

Tepi imene rasta anadula inali mwina masentimita 30. Ukawerengetsa ndi liwiro la Philips lija, ndi masekondi 6 okha. Koma ndinamvera nyimboyo ili yodumpha kwa zaka zinayi, ndipo m'mutu mwanga inakhazikika choncho. Ndikaimva yathunthu lero, kaya pa YouTube kaya pashoo ya Ma Blacks, ikafika pamalo paja ine ndimadumpha ndekha, n'kupeza kuti woimba akadali m'mbuyo, akutchula mawu amene kwa ine ndi achilendo. Mnzanga wina anandiseka pashoo kuti, "Aise, umati umaidziwa nyimboyi, bwanji ukusokoneza?" Ndinangomusiya. Ndikanayambira pati?

Lamulo loti siyobwereketsa ndinalisunga, ndipo linandipezetsa anzanga ndi adani omwe. Anyamata a Fomu 2 ankabwera kudzakhala pakhonde pathu, atanyamula mabatire awo, kudzamvera kwa mwana wa pulayimale. Wina anandilonjeza nkhunda ziwiri. Wina anafuna tisinthane ndi makaseti atatu a feki. Wina anangonditukwana n'kumapita. Ndi nthawi yokhayo pa moyo wanga imene ndinakhalapo bwana wa chinthu chimene ena analibe, ndipo ndikuuzeni, ubwana umakoma.

Ufumuwo sunakhalitse. Pofika 2012 pa Chigwiri panali timashopu ta kompyuta tobena nyimbo, sipika ili panja kusokosa. Unkapereka memory card ndi kandalama kochepa, n'kutuluka ndi nyimbo mazanamazana. Kuimba 1, Kuimba 2, Ma Blacks onse, m'kanthu kochepa ngati chikhadabo. Anyamata aja anasiya kubwera pakhonde. Wailesi ya bambo kalamba kake ka mkati kanaduka, wokonza mawailesi anati zimenezo sizikupezekanso, ndipo inatsala yogwira nkhani zokha.

Kwa omvera chinali chikondwerero. Kwa oimba inali nkhani ina. Pa kaseti ya kasitika ija woimba ankapezapo kenakake, ngakhale ambiri ankadandaula kuti n'kochepa. Pa memory card sankapezapo ngakhale tambala. Msika umene unadyetsa achimwene, ndi ifenso kudzera mwa iwo, unafa m'zaka zochepa, oimba n'kutsala ndi mashoo. Lamulo latsopano loteteza ntchito za aluso la 2016 linabweretsa kamsonkho pa zipangizo zosungira nyimbo, komwe COSOMA imagawira aluso, ndipo Spotify inafika kuno mu 2021. Zili bho. Koma aliyense wa ife akudziwa mmene nyimbo zambiri zimalowera m'foni mwake: gulu la WhatsApp, kapena mnzako wakhala pafupi, "tanditumizira imeneyo."

Ine chimene chimandikhudza kwambiri si ndalamazo. M'foni mwanga muli nyimbo zambiri zoti sindingazimalize ngakhale nditakhala mwezi osagona, koma palibe ndi imodzi yomwe imene ndingalembepo dzina, kapena kukandapo ndi msomali. Ndikamutumizira mnzanga nyimbo, ine ndimatsala nayobe. Sindinataye kanthu, ndiye kaya ndamupatsa chiyani. Achimwene atandisiyira kaseti ija, anakwera basi ya masiku awiri kudzera ku Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge alibe. Anakagona m'kachisakasa alibe. Ikanakhala nawo, bwenzi itapsa limodzi ndi bulangeti.

Achimwene akadali ku Joni. Pa zaka zonsezi abwerako katatu. Fizi yanga ya ku sekondale ndi ndalama zambiri za ku yunivesite zinachokera m'manja mwawo, manja amene pano ukawagwira ali ngati njerwa. Ali ndi mkazi ndi ana awiri obadwira komweko. Wamkulu amalankhula Chizulu ndi Chingerezi. Pa Chichewa amadziwa "zikomo" ndi "agogo". Chaka chilichonse achimwene amati chaka chamawa akubwera kudzakhazikika. Malo anagula kale chakumunsi kwa Chigwiri, njerwa anaumbitsa, zina mvula yagumula, udzu wamera pamwamba.

Mwezi wathawu amayi ankasuntha katundu kuchipinda ndipo anaipeza kasetiyo mu sutikesi yachitsulo ija, pansi pa masatifiketi anga. Chikuto chachita chikasu, inki yofiira yazimiririka, koma dzina likuwerengeka. Choimvetsera ndilibe. Ndafunsa pa Chigwiri ponse, wina wandiuza kuti ndiyese eni magalimoto akale ochokera ku Japan, ena amabwera ndi wailesi ya kaseti. Ndinaijambula n'kuwatumizira achimwene pa WhatsApp, pansi pake n'kulemba kuti, "Chimbale changa choyamba."

Anayankha usiku atawerukako, ndi voice note. Kumbuyo kunkamveka TV ndi mwana akulira. Anaseka kaye nthawi yaitali, mpaka kutsokomola.

"Chako? Iwe mphwanga, anakuuza ndani kuti ndinakupatsa? Ndinakusungitsa. Dzina lija ndinalemba kuti anyamata a pa Chigwiri asakubere. Paja ndinati zaka ziwiri ndibwera." Anakhala chete pang'ono, TV ikulankhula yokha. "Uisunge bwino. Ndidzaitenga."

Ndawamvetsera amayi uthengawo kawiri. Aibwezera mu sutikesi momwemo, ndipo kiyi akusunga ndi iwo.